Ana asukulu akuthandiza a NASA pongoyang'ana mitambo

Tikamva zoti kafukufuku wa sayansi ambirife timaganiza za labu, makina odula ndi anthu a madigiri, koma pali ntchito ina imene ana asukulu akhala akuigwira kuyambira 1997 ndipo chida chake chachikulu ndi maso basi. Chaka chimenecho a NASA, bungwe la ku America lofufuza zamlengalenga, ku Langley, ku Virginia, adayambitsa pulojekiti ya S'COOL yoti ana asukulu aziyang'ana mitambo, motsogozedwa ndi Dr Lin Chambers, kenako idadzalowa mu GLOBE, pulogalamu ya sayansi m'masukulu yomwe idayamba 1995 ndipo pano ili m'maiko oposa 120 kuphatikizapo Kenya, Tanzania ndi South Africa.

Mwina mukufunsa kuti a NASA ali ndi masetilaiti ndiye ana akuwafuniranji. Setilaiti za Terra ndi Aqua zimanyamula chipangizo chotchedwa CERES choyeza kuwala kwa dzuwa kumene dziko likubweza komanso kutentha kumene kukutuluka, ndiye mitambo ndi imene imavuta pa masamu amenewa, yokhuthala ya mmunsi imabweza dzuwa pansi nkumazizira, pomwe yopyapyala ya mmwamba ija amati cirrus imalola dzuwa kudutsa koma nkutsekereza kutentha ngati bulangete. Tsono setilaiti imaona kuchokera pamwamba, mtambo ukabisala pansi pa unzake siuoneka, ndipo cirrus akapyapyala kwambiri nthawi zina amaizemba. Mwana amene waima pabwalo la sukulu ndiye amaona za kunsiko.

Kachitidwe kake nkosavuta. Aphunzitsi amaona nthawi imene setilaiti idutse pamwamba pa sukulu, ana amatuluka pasanathe mphindi 15 kuchokera pa nthawiyo atanyamula tchati cha mitundu 10 ya mitambo, amakangana kaye kuti uwu ndi cumulus kapena stratocumulus, amalemba kuti thambo laphimbika motani, mtundu wake, ngati pali mizere yoyera imene ndege zimasiya, ngakhale zoti pansi ndi ponyowa kapena pouma. Kuyambira 2016 pali app ya GLOBE Observer, umajambula kumpoto, kummwera, kummawa, kumadzulo, mmwamba ndi pansi nkutumiza.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi yankho limene ana amalandira. Zomwe ana aona akaziyerekeza ndi za setilaiti a NASA amatumiza imelo yoonetsa zonse ziwiri pamodzi, mwana nkuona yekha pomwe agwirizana ndi makinawo ndi pomwe asiyana, ndipo kusiyanako sikuti walakwa ayi, kumathandiza asayansi kudziwa pomwe makina akuphonya. Tangoganizani mwana wa Fomu 2 akudziwa kuti zomwe walemba wina akazigwiritsa ntchito, osati kungolandira tiki ya bolopeni yofiira.

Kwathu kuno ana amaloweza maina a mitambo pa jogirafe mawindo ali pompo koma osatulukako olo kamodzi, zimandipweteka zedi. Ana a ku Mulanje ndi Thyolo amakula akuona chiperoni chikutsika miyezi yozizira, amadziwanso mtambo wakuda wa mvula ya mabingu usanafike nkomwe, ndipo chichitikireni namondwe Freddy mu 2023 palibe amene angati zanyengo ndi nkhani yakutali. Olo popanda intaneti, kope limodzi lolembamo mitambo tsiku lililonse pa buleki likhoza kuyambika Lolemba likubwerali, aphunzitsi a jogirafe ndi a sayansi mungogwirizana ndani atulutse ana.