Tsiku ku Australian Reptile Park: nthawi ya nyama, nthawi ya ana

Mukachoka ku Sydney kulowera kumpoto pa msewu wa M1, pakatha pafupifupi ola limodzi mumafika ku Somersby, kufupi ndi tawuni ya Gosford. Simungasochere, chifukwa pambali pa msewu paima chiboliboli chachikasu cha dayinoso chomwe amachitcha Ploddy. Opanda galimoto amakwera sitima mpaka ku Gosford n'kumalizitsa ulendo pa takisi. Paki ya Australian Reptile Park, yosungirako nyama makamaka zokwawa, ili pamenepa; anaiyambitsa Eric Worrell, katswiri wa njoka, ndipo inasamukira pamalo pomwe ili panopa mu 1996. Mu Julaye 2000 moto unapsereza nyumba yaikulu n'kupha nyama zambiri, koma anamanganso.

Cholakwika chomwe alendo ambiri amachita n'kungoyenda motsatira njira kuchokera pageti, khola ndi khola. Zokwawa siziyendera wotchi yanu. Ng'ona, njoka ndi abuluzi sizipanga kutentha m'thupi mwawo ngati ife, zimadalira dzuwa. Mmawa kukazizira zimangoti phee ngati zikuni, dzuwa likaswa mtengo zimathawira mumthunzi kapena m'madzi. Choncho mukangolowa, jambulani pafoni ndandanda ya zionetsero za tsikulo, ndipo ulendo wonse muukonze mozungulira nthawi zimenezo. Nyengo nayo ili ndi gawo: kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumazizira ndipo zokwawa zimadya pang'ono, pomwe Disembala mpaka Febuluwale zimakhala zamphamvu koma dzuwa limawotcha ana. Chipewa, madzi akumwa, mafuta otchinga dzuwa ndi nsapato zotseka zala zisatsale.

Yambani ndi makangaroo, ana asanatope. Amayendayenda momasuka pabwalo lomwe anthu amadyerapo, ndipo mmawa amakhala ndi njala, pomwe masana amangogona chammbali osalabada za munthu. Chakudya chake chikhale chomwe amagulitsa pakipo basi. Buledi ndi mabisiketi amawononga nkhama za kangaroo ndipo amabweretsa matenda otupitsa chibwano. Mwana agwade kapena awerame, atambasule dzanja chagada, chakudya chili pachikhatho, adikire kuti nyama ibwere yokha. Akakweza dzanja m'mwamba, kangaroo amaimirira n'kuligwira ndi zikhadabo kuti alitsitse, ndiye kulira kumayambira pamenepo. Asagwire thumba la pamimba ngakhale muoneke kamutu ka mwana, ndipo asaime kumbuyo kwake. Kathumba ka chakudyako kakhale m'manja mwa wamkulu.

Kwa ng'ona fikani mphindi 15 chionetsero chisanayambe kuti ana apeze malo kutsogolo. Yotchuka ndi Elvis, ng'ona ya m'madzi amchere yotalika kupitirira mamita 4, yochokera ku Darwin. Mu 2011 inalanda makina otchetchera kapinga m'manja mwa wogwira ntchito n'kuwakokera m'madzi, mano awiri n'kuguluka. Sizinali zodandaulitsa kwenikweni, poti mano a ng'ona amamera ena moyo wake wonse. Mukaiona itayasamula kukamwa pamtunda, si ukali ayi, ikutulutsa kutentha. Pali dziwe lina lodzaza ndi ng'ona za ku America zotchedwa alligator, ndipo apa ana angaphunzire kusiyanitsa: alligator ali ndi mphuno yotakata yobulungira, ndipo akatseka kukamwa mano apansi amabisika, ng'ona yeniyeni ili ndi mphuno yosongoka, ndipo dzino lachinayi lapansi limaonekera ngakhale itatseka. Musanyamule mwana paphewa pafupi ndi mpanda, ngakhale mpandawo uoneke wolimba chotani.

Koma chomwe chimasiyanitsa malowa ndi mapaki ena ndi ntchito yokama ululu. Njoka monga taipan, tiger snake, eastern brown ndi death adder amazigwira kumutu n'kuzilumitsa pakapu yokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, ululu n'kudonthera m'kati. Ululuwo amauumitsa n'kuutumiza ku Melbourne, komwe amaubaya pang'onopang'ono mwa akavalo. Magazi a kavalo amapanga chitetezo, ndipo n'chimene amasefa kukhala mankhwala opulumutsa wolumidwa.

Za kangaude wa funnel-web ndiye zimafuna kuyang'ana mwachifatse. Wokama amamugunda pang'ono, kangaudeyo n'kuimika miyendo yakutsogolo, mano ali pamtunda, kadontho kakang'ono kakulendewera kunsonga. Kadonthoko amakayamwa ndi kapaipi kagalasi kopyapyala ngati udzu. Amafuna akangaude aamuna, chifukwa ululu wawo ndiwo woopsa kwambiri kwa munthu, ndipo popanga mankhwala ake amagwiritsa ntchito akalulu m'malo mwa akavalo. Chiyambire kugwiritsidwa ntchito kwa mankhwalawa mu 1981, palibe imfa yodziwika yobwera ndi kangaudeyu. Ambiri mwa akangaudewa amabwera ndi anthu wamba omwe amawapeza m'nsapato kapena pabwalo mvula ikagwa nthawi yotentha. Njira yake ndi botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu ndi supuni yaitali: kumukankhira m'kati, kuikamo kadothi konyowa kuti asaume, n'kutseka. Salumpha, ndipo sangakwere galasi losalala. Iyi ndi ntchito ya akuluakulu, mwana asayesere.

Mverani bwino akamafotokoza za chithandizo choyamba, chifukwa njoka za ku Australia zili ndi malamulo ake. Sacheka bala, sayamwa, satsuka. Amakulunga bandeji yotanuka molimba ngati pa bondo lobinya, kuyambira kuzala kukwera mwendo kapena mkono wonse, n'kumangirira kamtengo kuti usapindike, wolumidwayo osayenda, kenako kuimba 000, nambala yoitanira thandizo ladzidzidzi ku Australia. Ululuwo umayenda minofu ikamagwedezeka, n'chifukwa chake kuthamanga kukafuna thandizo kumaonjezera vuto.

Dzuwa likafika paliwombo lowani m'nyumba zamthunzi momwe muli nsato, abuluzi ndi achule. Musagogode galasi, njoka imamva kunjenjemera m'thupi lonse ndipo imangobisala. Wosamalira akatulutsa nsato kuti ana aikhudze, asisite ndi zala ziwiri kuchokera chakumutu kutsikira kumchira, kutali ndi mutu. Ambiri amadabwa kuti ndi youma, siterera. Akatero asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, chifukwa pakhungu la zokwawa pamakhala tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, ndipo ana osakwana zaka 5 ndiwo amadwala kwambiri.

Koala, nyama yaubweya yokhala m'mitengo, musamuyembekezere zambiri. Amagona maola 18 kapena kuposa patsiku chifukwa masamba a bulugamu omwe amadya alibe mphamvu zokwanira. M'boma la New South Wales, momwe muli pakiyi, mlendo saloledwa kumunyamula, kungomusisita kumsana pomwe wosamalira walola. Tasmanian devil, chilombo chakuda chaching'ono ngati kagalu, amasangalatsa nthawi yodya, phokoso lake silifanana ndi kukula kwake. Kuthengo akutha ndi khansa ya kumaso yomwe imafala akamalumana, yomwe inaoneka koyamba mu 1996. Platypus, kanyama koikira mazira koma koyamwitsa, kamakonda mdima. Imani chete mphindi zingapo maso azolowere, fulashi ya foni yozimitsa, muyang'ane pansi pa madzi chakumakona, pomwe kamafufuza chakudya ndi mlomo wake, maso katatseka.