Zimene ndatola pofufuza ulendo wa Mayi Margaret Dongo

Semesita ino aphunzitsi athu a phunziro la ndale ndi kayendetsedwe ka boma anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe phungu mmodzi wa kudera kwake, afufuze mmene analowera m'Nyumba ya Malamulo ndi chimene chinadzamutulutsamo. Anzanga ambiri anathamangira mayina otentha a masiku ano. Ine ndinasankha Mayi Margaret Dongo, poti kwathu ku Sunningdale, mu mzinda wa Harare muno mu Zimbabwe, akuluakulu amawatchulabe ngati munthu wa pakhomo.

Chiyambi chawo sichinanditayitse nthawi. Anabadwa mu 1960, nkhondo ya ufulu anailowa ali ndi zaka 15, kutchire ankadziwika kuti Tichaona Muhondo. Mu 1989 anali m'gulu la amene anayambitsa bungwe la omenya nkhondo akale, ndipo mu 1990 anapambana mpando wa Harare East patikiti ya chipani cholamula cha ZANU-PF. Njira imeneyi anaidutsa anthu ambiri.

Chimene chandigwira mtima ndi 1995. Atasemphana ndi akuluakulu a chipani chifukwa cha pakamwa pawo posabisa mawu, anaima paokha ku Harare South kulimbana ndi Mayi Vivian Mwashita a chipani cholamula. Zotsatira zitatuluka anauzidwa kuti agonja. Masiku amenewo kugonja kotero kunali kwachizolowezi: pa mipando 120 yovoteredwa, ZANU-PF inatenga 118, iwiri yotsalayo n'kupita ku chipani cha Ndabaningi Sithole. Munthu wina akanangodandaula m'nyuzipepala n'kubwerera kunyumba. Iwo anakamang'ala ku High Court, ndipo nkhani yawo inagona pa kaundula wa ovota, momwe munapezeka mayina obwerezedwa ndi a anthu osakhala m'deralo. Khoti linafafaniza chisankhocho, chinachitikanso mu Novembala chaka chomwecho, Mayi Dongo n'kupambana.

M'kalasi timakonda kukamba za misonkhano, nyimbo, malaya a chipani ndi luso lolankhula, ngati kuti mpando umapezeka pamenepo basi. Koma kuti munthu atsimikizire khoti kuti kaundula ndi wolakwika, ayenera kukhala pansi ndi mulu wa mapepala, dzina ndi dzina, adilesi ndi adilesi, kufunsa ngati nyumba ya zipinda zinayi ingasungedi ovota onse olembedwapo. Ntchito yotopetsa, yopanda nthungululu. Ndiyo inawabwezera mpando.

Mwina ndikuiona chonchi chifukwa cha kumene ndinachokera. Agogo anga aakazi anabadwira konkuno, bambo awo ndiwo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito muno mu Harare, mzindawu ukutchedwa Salisbury. Chitupa chawo chakale, chachitsulo chija, amachisunga chokulunga m'kansalu pansi pa sutikesi, ndipo pali mawu akuti ALIEN, kutanthauza mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri ngati iwo, a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anauzidwa kuti akane kaye unzika wa dziko limene ena sanalipondepo n'komwe, ndipo pa chisankho cha 2002 ambiri anabwezedwa pa mzere. Nditawauza za ntchito yangayi anangoti, "Iwe, kuvota kumayamba tsiku lolembetsa. Tsiku linalo n'longokaponya." Ndinawafunsa kuti, "Agogo, ndilembe zimenezi?" Anati ndilembe, bola ndisatchule dzina.

Choncho kaundula yemweyo akhoza kufufuma ndi mayina osayenera, akhozanso kufota pochotsa oyenera. Zaka zonsezo anali m'manja mwa ofesi ya Registrar General, ya boma yopereka zitupa, asanaperekedwe ku bungwe la zisankho la ZEC.

Sindikufuna kuwajambula ngati munthu wosalakwa. Mu 1998 anayambitsa chipani cha Zimbabwe Union of Democrats, koma sichinazike mizu. Mu 2000 mphepo ya chipani chotsutsa cha MDC itawomba mu Harare, anthu anavotera chipani osati munthu, ndipo mpando unawapulumuka. Apa mnzanga wina m'gulu lathu lowerengera limodzi akuti akanangolowa MDC akanakhalitsa. Zingakhale zoona, komabe ine ndimaona kuti mtima wosafuna kulamulidwa womwe unawapititsa kukhoti mu 1995 ndi womwewo unawalepheretsa kukwana m'khola la wina. Chondisangalatsa china n'chakuti ali okhaokha m'Nyumba ya Malamulo, muja mu Nelson Mandela Avenue aphungu asanasamukire ku Mount Hampden, anagwiritsa ntchito mafunso a phungu kukakamiza boma kutulutsa mndandanda wa anthu amene anabwerekedwa mafamu a boma. Apanso chida chawo chinali mndandanda wa mayina.

Aphunzitsi atawona zolemba zanga zoyamba ananena kuti ndachulutsa za kaundula, za munthuyo zachepa. Ndawonjezera ndime ziwiri za moyo wawo, koma mutu sindiusintha. Gawo lomwe latsala ndi la Malamulo Aakulu a 2013, ndime 43, imene inabwezera unzika obadwira muno a makolo ochokera m'mayiko a SADC. Ndikufuna kufunsa mabanja angapo a ku Mbare ndi Mufakose, madera a muno mu Harare, ngati anasinthitsadi zitupa n'kulembetsa, chifukwa agogo anga mpaka lero akuzengereza.