Lathe yanga ya 7x14: ma bearing atsopano alowa mu headstock

Anzanga a zitsulo, ma bearing atsopano a 30206 alowa mu headstock ya lathe yanga, ndipo spindle ikuzungulira mosalala. Lathe ndi makina odula chitsulo chikuzungulira (7x14 ndi kukula kwake m'mainchesi), headstock ndi mutu wa makinawo, ndipo spindle ndi shafiti ya m'mutumo imene imazunguza chitsulocho.

Chinandikakamiza kumasula headstock ndi kunjenjemera. Ndikamadula chitsulo ndi mpeni wa parting (wodula chitsulo kuti chiduke pawiri), makina ankalira, ndipo pamwamba pa chitsulo pankatsala timizere tokhala ngati mafunde. Nditaika dial indicator (geji ya singano yoonetsa kusuntha kochepa kwambiri) pa chuck (chogwira chitsulo chodulidwacho) n'kukankha chuck ndi dzanja, singano inkasuntha. Makina ang'onoang'ono a mtundu uwu ambiri amabwera ndi ma bearing a timipira a 6206. Ndi abwino ndithu m'mamota, koma pa lathe mpeni umakankha spindle m'mbali ndi cham'mbuyo nthawi imodzi, ndipo ma bearing a timipira otere salola kumangidwa kwambiri kuti mpata uthe. A 30206 ali ndi timarola tosongoka mbali imodzi, choncho ukamanga nati, mpata wonse umatsekeka. Bowo lake ndi 30 mm, kunja 62 mm, chimodzimodzi ndi 6206. Kusiyana kuli pa kuchindikala: 17.25 mm m'malo mwa 16 mm.

Kumasula sikunavute. Ndinachotsa magiya a kumbuyo, bokosi la magetsi ndi mota, kenako headstock yonse inachoka pa bedi (thunthu lalitali la makinawo). Spindle ndinaikoka ndi bauti wautali, paipi ndi mawashala okhuthala, osagwiritsa ntchito hamala. M'kati mwa headstock muli magiya a pulasitiki a liwiro lalikulu ndi laling'ono, ndiye kumenya kungawathyole mano. Chilichonse chisanachoke ndinkachijambula pa foni, makamaka ndondomeko ya ma spacer (timphete tolekanitsa magiya ndi ma bearing pa spindle).

Ma spacer amenewa ndi ofunika kuwaganizira msanga. Popeza bearing iliyonse yawonjezera 1.25 mm, ena amafunika kufupikitsidwa kuti magiya akumane bwino. Lathe yako ikakhala yomasula sungadulirepo kanthu, choncho anga ndinakadulira kwa mnzanga amene ali ndi makina aakulu.

Polowetsa, lamulo langa ndi limodzi: mphamvu isadutse pa timarola. Mphete zakunja za ma bearing ndinazikokera mu headstock ndi bauti yemwe uja, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana kuti zisapendeke. Spindle inagona mufiriji, ndipo mphete yam'kati ya kutsogolo ndinaitenthetsa pang'ono, kutali ndi 120°C pamene chitsulo cha bearing chimayamba kuwonongeka. Inalowa mpaka kukhudza phewa la spindle. Ya kumbuyo ndi nkhani ina. Imeneyo iyenera kutsetsereka ukamamanga nati, apo ayi sungamve kuti wamanga motani. Ndinapukuta malo ake pa spindle ndi sandipepa wosalala kwambiri mpaka inayamba kulowa mothina koma mosakakamira. Girisi ndinapaka ndi chala pakati pa timarola, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malowo. Girisi wochuluka amangotenthetsa bearing.

Pamene ndakhalitsa kwambiri ndi pomanga manati awiri a kumbuyo. Apa mpamene pagona ntchito yonse, ndipo kwa ine mpamene pamakoma. Ukamanga pang'ono, kunjenjemera kumabwerera. Ukapitirira, bearing imatentha ndi kutha msanga, komanso kamota kakang'onoka kamavutika. Ndinamanga nati woyamba mpaka singano ya indicator inasiya kusuntha ndikakoka chuck, kenako ndinazunguza chuck ndi dzanja. Iyenera kuyenda pang'ono n'kuima yokha, osati kumangozungulirabe, osatinso kuima nthawi yomweyo. Ndinayatsa makina pa liwiro lotsika, n'kumakweza pang'onopang'ono, chikhatho chili pa headstock. Kufunda kuli bwino; ngati dzanja silingapirire, masulani. Itazizira ndinapeza kuti kampata kabwerera chifukwa girisi ndi mphete zakhazikika, ndiye ndinawonjezera pang'ono n'kutseka ndi nati wachiwiri.

Poyesa ndinadula chitsulo wamba cha 25 mm ndi mpeni wa parting uja. Mpeni unalowa mwakachetechete, zopala zikutuluka zopindikapindika, ndipo timizere tija palibe.

Chatsala ndi chitetezo. Ma bearing awa alibe zotsekera zawozawo, pamene akale aja anali nazo, ndipo tizitsulo tikalowa m'girisi tiwononga zonse. Ndikufuna kupanga zivindikiro za aluminiyamu zokhala ndi mphete ya felt (nsalu yokhuthala yaubweya) m'malo mwa za pulasitiki. Headstock iyeneranso kuyesedwa ngati yalunjika ndi bedi, ndipo chitsulo choyesera ndachikonza kale.