Kuvala ndi kuvula zodzitetezera ku mpweya wapoizoni m'sitima yankhondo

Pamene sitima yathu ya asilikali apamadzi a dziko la Britain inkalowera kumpoto kwa nyanja ya Persian Gulf kumayambiriro kwa chaka cha 2003, pokonzekera nkhondo yolimbana ndi dziko la Iraq, aliyense wa ife ankayenda ndi kachikwama m'chiuno momwe munali chigoba chopumira cha S10, ndipo sitinkaloledwa kusiyana nacho ngakhale pogona. Mantha athu akuti adani atithira mpweya wapoizoni sanali opanda maziko, chifukwa mu Malichi 1988 boma la Iraq linapha anthu pafupifupi 5,000 ndi mpweya wapoizoni m'tauni ya Halabja m'dziko lomwelo. Anzathu amene anamenya nawo nkhondo ya 1991 yolimbana ndi Iraq ankatikumbutsa kuti nthawi imeneyo zimene zinavulaza sitima zinali mabomba otchera m'madzi, monga aja anaphulikira sitima za America za USS Tripoli ndi USS Princeton tsiku limodzi pa 18 Febuluwale, koma panalibe mkulu aliyense wofuna kuika moyo wathu pa chiyembekezo chakuti adani adzachitanso chimodzimodzi.

Chenjezo likamveka, ndinali ndi masekondi 9 okha. Ndinkayamba ndagwira mpweya ndi kutsinzina, kenako n'kusolola chigoba, kulowetsa chibwano poyamba, n'kukokera malamba kunkhongo. Ndisanapume ndinkauzira mwamphamvu kuti mpweya woipa umene watsekeredwa mkati utuluke, ndipo kufuula kwakuti "Gas! Gas! Gas!", kutanthauza mpweya wapoizoni, kumagwira ntchito ziwiri, kuchenjeza anzako ndi kukankhira kunja mpweya wotsalawo. Ndevu zinkametedwa, pakuti tsitsi lochepa chabe limalepheretsa labala kugwira khungu bwinobwino.

Zovala zake ndi buluku ndi malaya okhala ndi chipewa, zonse zokhala ndi makala mkati amene amayamwa poizoni asanafike pakhungu. Pamwamba pa nsapato tinkavala jombo zalabala, ndipo m'manja magolovesi awiri, ansalu mkati ndi alabala kunja. Ukatha kuvala, mnzako amakuyendera paliponse, makamaka pamene chipewa chimakumana ndi chigoba, popeza pamenepo sungadzione wekha. Pamkono ndi pamwendo tinkamata timapepala timene timasintha mtundu dontho la poizoni likatigwera. Kunena zoona, mdani amene ndinalimbana naye tsiku ndi tsiku anali kutentha. Thukuta linkadzaza m'magolovesi mpaka zala kuchita makwinya, magalasi a chigoba ankachepetsa poonera, ndipo madzi ankamwedwa kudzera m'kapaipi kolumikiza chigoba ndi chitsekerero cha botolo, ntchito yooneka yaing'ono koma yovuta kwa munthu amene zala zake zakulungidwa kawiri.

Tinapatsidwanso mapiritsi otchedwa NAPS, okonzekeretsa thupi kulimbana ndi poizoni wa m'mitsempha, omwedwa maola 8 alionse akalamula akuluakulu, ndi majakisoni odzibaya wekha pantchafu osavula buluku, okhala ndi mankhwala monga atropine. Anatiphunzitsa kuti tisadzibaye chifukwa cha mantha chabe, koma pokhapokha zizindikiro za poizoni wa m'mitsempha zitaoneka: mamina ndi malovu kuchucha, chifuwa kubanika, ndi kadontho kakuda kapakati pa diso kuchepa kwambiri.

Sitima nayo imadziteteza. Zitseko ndi mazenera onse zimatsekedwa, ndipo mbali yamkati, imene tinkaitcha citadel, imapopedwa mpweya wosefedwa wamphamvu kuposa wakunja, kotero kuti pakakhala mng'alu mpweya umatuluka m'malo molowa. Kunja, mipope imawaza madzi a m'nyanja pasitima yonse kuti poizoni asakakamire pachitsulo chouma. Izi zili ndi chifukwa chake, pakuti poizoni wotchedwa sarin amauluka msanga kukatentha, pamene wina wotchedwa mustard amakhalitsa pamalo ndipo matuza ake amatuluka patapita maola angapo, munthu akuganiza kuti wapulumuka.

Gawo limene ndimaliona lofunika koposa, ngakhale anthu salitchula kawirikawiri, ndi kuvula. Amene wagwira ntchito panja salowa mwachisawawa, chifukwa dontho limodzi pa jombo lingathe kuipitsa mpweya wa anthu onse amene ali mkati. Ndinkayamba ndi kudzipaka dothi lina laufa lotchedwa fuller's earth, limene limayamwa madontho: kuguguda kansalu kake pamalopo, kuwaza ufawo, kenako n'kupukuta, kuyambira m'magolovesi. Ndikalowa m'chipinda choyamba choyeretsera ndinkaimirira manja otambasula, osagwira kanthu, mnzanga wovala zodzitetezera n'kumandivula chimodzichimodzi, akupindira chovala chilichonse kunja ngati mmene amasendera mbuzi, kuti mbali yoipitsidwa isakhudze thupi. Apa mtima umafuna kuthandiza, dzanja limafuna kukanda pamene thukuta likuyabwa, koma chilichonse chimene wagwira chimabwezera ntchito yonse pachiyambi. Chigoba chimachotsedwa pomalizira penipeni, ndipo chitseko cham'tsogolo sichitsegulidwa cham'mbuyo chisanatsekedwe. Munthu mmodzi amatenga nthawi ndithu, choncho gulu lonse likamabwera kuchokera panja, omalizira amadikira pamzere ali chivalire, dzuwa likuwaotcha.

Nkhondo itayamba pa 20 Malichi, asilikali a Britain a gulu la Royal Marines anatsikira pa Al Faw, m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa Iraq, ndipo sitima zosaka mabomba zinayeretsa njira ya pamadzi ya Khawr Abd Allah mpaka sitima ya Britain ya RFA Sir Galahad inafika padoko la Umm Qasr ndi chakudya cha anthu wamba pa 28 Malichi. M'masiku onsewo tinavala ndi kuvula mobwerezabwereza, koma poizoni sanabwere, ndipo nkhokwe za zida zimene ankanena kuti boma la Iraq linali nazo sizinapezeke. Majakisoni aja tinawabweza kwa achipatala a m'sitima osagwiritsidwa ntchito, aliyense akusaina kuti wabweza onse amene analandira.