Mmene tinasankhira pulogalamu yolumikizira makompyuta a pantchito pathu

Ndimagwira ntchito pakampani ina yopikulitsa katundu ku Limbe. Tinali ndi zinthu zitatu zosamvana: pulogalamu ya maakaunti, ya katundu wa m'sitolo, ndi malipiro obwera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Madzulo aliwonse mayi wina wa ku maakaunti ankaika rula pamzere n'kumakopera manambala pamanja mpaka mdima. Abwana anandiuza kuti ndipeze pulogalamu yokhala pakati, yomapatsira uthenga uku ndi uku.

Ndinayamba ndi pepala ndi cholembera, kujambula njira zonse zomwe uthenga umadutsa. Zinapezeka 6 zokha. Zimenezi zinandithandiza kwambiri, chifukwa otsatsa malonda amakuonetsani zolumikizira mazanamazana mpaka mumaiwala chomwe mwadzera.

Pa mapulogalamu ogula ndinayang'ana MuleSoft, ija kampani ya Salesforce inagula mu 2018, komanso IBM MQ. N'zokopa ndithu, ndipo zikavuta pali wina womuimbira foni. Pa za open source, zomwe aliyense angatenge n'kugwiritsa ntchito mwaulere, ndinasankha kuyesa Apache Camel yopatsira uthenga pamodzi ndi RabbitMQ yosungira mauthenga pamzere.

Nkhani inakula titafika pa ndalama. Laisensi ya zogulazo tikanamalipira chaka ndi chaka, m'madola. Aliyense mu ofesimo ankakumbukira November 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Akauntanti athu anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, madolawo tizikawapeza kuti chaka chilichonse?"

Komatu chaulerecho sichinali chaulere. Ndinaika Camel pakompyuta yakale n'kuyesa masabata awiri. Tsiku lina ndinazula dala waya wa netiweki. Mauthenga anadikira bwinobwino mu RabbitMQ, koma nditabwezera wayayo, malipiro amodzi analowa kawiri m'maakaunti. Vuto linali langa: sindinaiuze Camel kuti izikana nambala ya malipiro yomwe yadutsa kale. Camel ili nayo njira yake yochitira zimenezo, yotchedwa idempotent consumer, koma zinanditengera masiku atatu ndikuwerenga ndekha, popanda wondilondolera. Zikanakhala ndalama zenizeni za makasitomala, sindikanagona.

Nditafotokoza zonsezi, abwana sanafunse za mtengo. Anati, "Nanga inuyo mukadwala, kapena ena akakukopani ndi malipiro abwino, tidzatani?" Ndinasowa chonena. Apa ndi pomwe zogula zimapambana, ndipo kampani yopanda munthu wodziwa Java, chilankhulo cha makompyuta chomwe Camel imagwiritsa ntchito, sindingailangize kutsata njira yathuyi.

Tinatenga Camel, koma tinagwirizana kuti gawo la ndalama zomwe zikanapita ku laisensi liphunzitsire munthu wachiwiri, ndiponso kuti njira 6 zija zilembedwe m'buku, iliyonse ndi zochita ikaima. Tinalumikiza ya Mpamba poyamba, zina n'kumatsatira imodziimodzi.

Pano Lachisanu lililonse masana ndimaononga dala chinthu chimodzi pakompyuta yoyeserera, n'kupita kukamwa tiyi, mnyamata tikumuphunzitsayo azifufuza yekha. Sabata yatha anachipeza tiyi wanga asanazizire.