Nyumba yonse ikulemba mayeso

Ndikukhala ku Chengdu, likulu la chigawo cha Sichuan ku China, m'nyumba ya zipinda zitatu yomwe timakwera pa chikepe kuti tikafikeko. Tilimo anthu asanu. Alipo eni nyumba, bambo amene ndimawatchula Shushu ndi mayi amene ndimawatchula Ayi, mwana wawo mmodzi yekhayo yemwe ndimamutchula Jiejie poti ndi wamkulu kwa ine, agogo aakazi omwe tonse timawaitana kuti Popo, ndi ine mlendo wochokera ku Zomba. Ma panda amene anzanga mumandifunsa aja ndinakawaona, ali kumpoto kwa mzindawu, amangodya nsungwi n'kugona. Zimene zimalamulira moyo wanga pano ndi zina. Jiejie alemba gaokao mu Juni, ndipo m'nyumba muno palibe chimene chimachitika osaganizira kaye za mayeso amenewo.

Gaokao ndi mayeso olowera ku yunivesite, ndipo amayamba pa 7 Juni m'dziko lonse. Mu 2024 analembetsa ophunzira oposa 13 miliyoni, kutanthauza anthu oposa theka la Amalawi tonse. Malikisi onse ndi 750. Chitchaina, masamu ndi chiyankhulo chakunja, chomwe kwa ambiri ndi Chingerezi, phunziro lililonse lili ndi 150. Kenako umasankha pakati pa physics ndi mbiri yakale, n'kuonjezerapo maphunziro ena awiri. Jiejie anasankha physics. Makolo ake satchula Tsinghua kapena Peking University, mayunivesite otchuka kwambiri a ku Beijing, akuti kumeneko n'kulota masana. Diso lawo lili pa Sichuan University, yomwe ili mumzinda mommuno ndipo ili m'gulu la mayunivesite 39 apamwamba otchedwa 985.

Timadzuka 6 koloko kukadali mdima bii. China yonse imatsatira nthawi ya ku Beijing ngakhale dzikoli ndi lotambalala kwambiri, ndiye kuno kumadzulo mu Januwale dzuwa limatuluka cha m'ma 8, likafuna kutuluka, poti masiku ambiri kumwamba kumangokhala kotuwa. Kuzizira kwake n'kwa chinyezi, kolowa m'mafupa. Boma linakonza mapaipi otenthetsa nyumba m'mizinda ya kumpoto kwa mapiri a Qinling ndi mtsinje wa Huai kokha, ndipo ife tili kumwera kwake. Timadya chakudya cham'mawa titavala majekete. Popo, pamwamba pa zonsezo, amatsegulanso mawindo, ati mpweya uzilowa. Phala la mpunga lopanda shuga, dzira lowiritsa, ndiwo zamasamba zowawasa za mumtsuko wawo, nthawi zina baozi, timabanzi tophika ndi nthunzi tokhala ndi ndiwo m'kati. Madzi ozizira saloledwa. Aliyense amanyamuka ndi fulasiki ya madzi otentha.

Kusukulu ndili m'kalasi yoyamba mwa atatu omaliza a sekondale, Jiejie ali yomaliza. Yunifolomu yathu ndi thirakisuti, anyamata ndi atsikana chimodzimodzi. Maphunziro asanayambe pali nthawi yowerenga mokweza, aliyense zake, wina ndakatulo zakale, wina mawu a Chingerezi, phokoso lake mpaka kumsewu. Nthawi ina pa tsiku zokuzira mawu zimayamba kuimba nyimbo n'kumawerenga manambala, tonse timatsinzina n'kumadzisisita m'mbali mwa maso, akuti maso asafooke. Oposa theka la kalasi yathu amavalabe magalasi. Tikadya masana timagona mitu ili padesiki, ndipo ena ali ndi timapilo tawo. Chimenechi chokha ndikanakonda chitafika kwathu.

Ine ndimaweruka madzulo. Jiejie amatsala, amawerenga m'kalasi mpaka cha m'ma 10 usiku, Loweruka amapitanso. Pakhoma la kalasi yawo pali bolodi lolembedwa masiku amene atsala, ndipo m'mawa uliwonse wina amasintha nambala. Shushu amakamutenga pa njinga yamoto yoyendera batire. Akangolowa m'nyumba, TV imazimitsidwa. Ayi amakhala atasenda kale maapozi ndi malalanje n'kuswa mtedza wa walnut, umene amakhulupirira kuti umathandiza ubongo, amakasiya pathebulo pake n'kutuluka monyang'ama. Popo anasiya kuitana anzawo kudzasewera mahjong, masewera apathebulo a anthu anayi, m'nyumba, amakasewerera kupaki. Ngakhale ine ndikamayankhula pafoni ndi amayi anga ndimanong'ona. WhatsApp kuno sagwira, ndiye achimwene anawaikira amayi WeChat. Tili patsogolo ndi maola 6, choncho nthawi yabwino kwa iwo, akaweruka kuntchito, ndi yomweyo imene Jiejie wakhala pansi ndi mapepala ake.

Chimene chimandivutabe kuzolowera ndi nkhani ya ntchito. Kwathu mtsikana wa msinkhu wanga amasesa asanapite kusukulu, akabwerako athyole ndiwo, aphike, atsuke mbale, ndipo mayeso a MSCE sachotsa tsache m'manja mwa munthu. Pano Jiejie sanatsukepo ngakhale kapu chibwerereni changa. Zovala zake amachapa ndi Ayi, nsapato zake amapukuta ndi Popo. Ine ndikaimirira kuti ndichotse mbale pathebulo, Popo amandilanda, n'kundiloza kuchipinda ndi timitengo todyera. Ntchito ya mwana ndi kuwerenga, yatha. Poyamba ndinkamva ngati ndikuchita mwano, kukhala pansi munthu wamkulu akuwerama pasinki. Tsopano tinagwirizana mosayankhula: ine ndimataya zinyalala ndi kuwanyamulira basiketi tikapita kumsika Lamlungu, ndipo amandionetsa kwa amayi ogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, ngati mdzukulu wawo wa ku Africa amene amadya tsabola osalira. Sadziwa kuti ndinakulira kambuzi. Chimene chinandigonjetsa ndi huajiao, timbewu tija timene sitiwawa koma timachititsa milomo dzanzi.

Popo anabadwira kumudzi cha ku Leshan, ndipo anali kamwana pa nthawi ya njala yaikulu ya 1959 mpaka 1961, imene inakantha Sichuan koopsa. Sakonda kuikamba. Imaoneka pathebulo. Mbale yanga ikangoyamba kuonekera pansi amaonjezeramo nyama osandifunsa, ndipo njere ya mpunga ikagwa amaitola. Tsiku lina nditalakalaka kwathu ndinagula ufa wa chimanga chachikasu n'kuphika nsima. Shushu ndi Ayi anayesa kudya ndi manja, tikuseka. Popo anatema kambamu kamodzi, anatafuna, n'kunena kuti chimanga ndi mbatata anadya zokwanira moyo wawo wonse ali mwana. Anabwerera ku mpunga wawo. Agogo anga ku Zomba amanena zofanana ndi zimenezi akaona chikhawo cha nthochi, chifukwa cha njala ya 1949.

Ndikaphatikiza zimenezi ndi lamulo la mwana mmodzi, limene linagwira ntchito kuyambira cha m'ma 1980 mpaka kumapeto kwa 2015, ndimamvetsa maapozi osendedwa aja. Shushu ndi yekha kwa amayi ake, Ayi ndi yekhanso kwawo. Lamulolo litayamba kufewa, iwo anaona kuti ndalama zolerera wachiwiri palibe. Ndiye agogo a mbali zonse ziwiri ndi makolo, onsewo maso awo ali pa mutu umodzi.

Lamlungu masana ndi pamene ine ndi Jiejie timapeza mpata wocheza. Timatsika kukagula tiyi wa mkaka, iye amayesa Chingerezi chake, ine Chitchaina changa chopunduka. Si munthu womvetsa chisoni ayi. Ndi wanthabwala, amatsanzira aphunzitsi ake a chemistry mpaka ndimagwira m'mimba, ndipo ali ndi kope lomwe amajambulamo zithunzi, lobisika pakati pa mapepala a mayeso akale. Nditamuuza kuti kwathu tinabadwa asanu, anawerenga ndi zala, n'kundiyang'ana. "Iwe ukalephera, amayi ako ali ndi ena anayi. Ine ndikalephera ayang'ana kuti?" Ndinafuna kumuuza kuti kwathunso mwana woyamba kupita patali ndi sukulu amasenza mudzi wonse, kuti ndalama ya pasipoti yanga anasonkha ndi amalume. Chitchaina chinandithera panjira.

Maganizo anga ndi akuti amamupanikiza mopitirira muyeso. Mwana wa zaka 17 sayenera kugona pakati pa usiku n'kudzuka 6 koloko chaka chathunthu. Koma sindingawanene makolowa kuti ndi ankhanza, chifukwa nawonso akulemba nawo. Ayi anakana kukwezedwa pantchito kuti asamachedwe kufika kunyumba. Shushu, amene amakonda kucheza ndi anzake pa hotpot, chakudya chimene anthu amadziwiritsira pathebulo mumphika umodzi, chaka chino sapita. Ndipo Ayi anagula kale qipao yofiira, diresi limene amayi ambiri amavala akamadikira pageti tsiku loyamba la mayeso kuti mwana achite mwayi. Akuti nanenso ndidzavale chofiira.

Pakhonde pathu pakulendewera masoseji ndi nyama yofutsa zimene Popo akonzera Chaka Chatsopano cha Chitchaina. Tidzapita kumudzi kwa Popo pa sitima yothamanga, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Tchuthi changa ndi cha milungu ingapo, cha Jiejie sichikwana ngakhale theka lake. Katundu anagawidwa kale. Shushu anyamula mowa ndi mphatso za abale, ine masoseji, ndipo sutikesi yaing'ono ndi ya mapepala a physics, poti aphunzitsi apereka oti alembe tsiku lililonse kupatula tsiku la chikondwerero lenilenilo.