Ndinafika ku Gwangju, koma ina

Abale nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kuyambira 2019 koma achimwene anga amaikamba paliponse pomwe pakhala anthu oposa awiri, nde bola ndiifotokoze ndekha asanaikometsere mopitirira.

Chaka chimenecho ndinapita ku South Korea kukapanga kakosi ka miyezi itatu ku Seoul. Achimwene anali atakhalako kale zaka zingapo, akugwira ntchito pafakitale ina. Sabata yachiwiri ananditumizira meseji kuti Loweruka ndikawaone, ndipo adilesi yake inali yaitali ngati njanji: Gyeonggi-do, Gwangju-si, Gonjiam-eup, kenako dzina la msewu, manambala, ndi zina zoti sindinavutike nazo kuwerenga. Pansi pake analemba kuti "ukafika pa siteshoni undiimbire, si patali."

Ine nde munthu wa sukulu eti. Ndinayang'ana adilesi ija nkuti m'menemu mawu enieni ndi amodzi basi, Gwangju. Dzinali ndinali nditalimva kale pa TV poti July wa chaka chomwecho kunachitikira mpikisano wa dziko lonse wa zosambira. Zinazo, -do, -si, -eup, ndinangoti ndi timichira tokometsera, ngati manotsi a kwaya. Gyeonggi ndinkaganiza kuti mwina ndi dzina la bwana wawo, kaya moni wa kumeneko. Kufunsa sindinafunse. Ndifunse kuti achimwene azikati mng'ono wawo wakwera ndege ndi umbuli wake womwe?

Loweruka m'mamawa ndinavala jekete yanga yofiira, chikwama kumsana, ulendo wa pa Yongsan Station. Pawindo la matikiti ndinanena mokweza kuti "Gwangju". Mayi wa pawindo uja anandiyang'ana, nkundifunsa kafunso kena, ndipo ndikukumbukira bwinobwino kuti mu funso limenelo dzina la Gwangju linamveka kawiri. Kawiri abale. Apa mpomwe munthu wanzeru akanaima. Koma ine mawu a Chikoreya omwe ndinkadziwa anali amodzi, "ne", kutanthauza inde, nde ndinangowathira, "ne, ne", uku ndikugwedeza mutu ngati gulo. Anandipatsa tikiti ya KTX, ma won oposa 40,000 anapita. Mtima unawawa pang'ono koma ndinati achimwene abweza, si ndi akulu.

KTX ija sitima yake si yamasewera, imathamanga mpaka 300 km pa ola. Nditaona Seoul yatha, nyumba zitalizitali zatha, tayamba kudutsa minda ndi mapiri, kulowa m'mphanga nkutuluka, kulowanso, kanthu kena kanandinong'oneza kuti "si patali" uja watalikatu. Ndinakayankha kuti ndi sitima yothamanga chonchi kulikonse si patali. Ndinajambula selufi pawindo, kuiponya pa sitetasi, nkulemba kuti "tikaone achimwene". Kenako tulo.

Maola awiri asanakwane ndinatsika. Siteshoni yaikulu bwino, anthu piringupiringu. Ndinatulutsa foni.

"Achimwene ndafika."

"Wafika pati? Ine ndili pageti penipeni sindikukuona."

"Ndili panja pano, pomwe pandanda matakisi ambiri."

"Matakisi ambiri? Iwe, pano pali takisi imodzi ndipo dalaivala wake akuwodzera."

Tinatha mphindi pafupifupi 15 tikusakana. Amvekere kweza dzanja, ndinakweza. Amvekere kweza onse awiri, ndinakweza onse awiri, foni paphewa, anthu akundilambalala ngati ndayamba kulalikira. Ndinafika podumpha. Ndinawauza kuti mwina maso anu ayamba ukalamba achimwene, jekete yofiira ngati iyi munthu angaiphonye bwanji.

"Tawerenga chikwangwani cha siteshoniyo."

"Gwangju Songjeong."

Foni inangoti zii. Ndinayang'ana sikirini kuganiza kuti netiweki yathawa. Kenako ndi mawu otsika, aja amalankhula munthu akamafuna kukuuza za maliro, anafunsa kuti "Unakwera chani?"

"KTX," ndinayankha monyadira ndithu.

Chomwe ndinamva pambuyo pake sichinali kuseka kwa munthu, kunali ngati wina akupopa tayala. Atapezako mpweya anangoti "pita kwa dalaivala wa takisi umuonetse adilesi ija, ine sindingathe," nkudula.

Dalaivala woyamba pamzere anali mdala wa imvi, wovala magolovesi oyera. Ndinamupatsa foni. Anavala magalasi, kuwerenga, kundiyang'ana, kuwerenganso. Analemba adilesi ija pa kamakina kake kolozera njira, mzere wabuluu unatuluka kuchokera pansi pa mapu mpaka pafupifupi pamwamba, makilomita osachepera 250. Mdala anapingasa manja ake kupanga X, nkuitana anzake awiri kuti adzaone nawo. Posakhalitsa ndinali ndi madalaivala atatu atandizungulira, aliyense akuti "aigoo" nthawi yakeyake.

Koma mdala uja anali munthu wabwino. Anatenga risiti yakale, kuseri kwake nkujambula Korea ngati mbatata yoimirira. Kadontho kumtunda, "Seoul". Kadontho kena pafupi nako, pafupi zedi moti timadontho tinatsala pang'ono kukhudzana, "Gyeonggi-do Gwangju". Kenako cholembera chinatsika, chinatsika, chinatsikabe, mpaka kumunsi chakumadzulo, "Jeolla-do Gwangju", nkundiloza pachifuwa. Apa nde pomwe ndinali ine ndi jekete yanga.

Zotsalazo tinamasulirana ndi foni, iye kulankhula, foni kundiuza m'Chingerezi chokhotakhota. Timichira tija ndinataya tija ndi tomwe timanyamula adilesi yonse. Do ndi chigawo, ndipo Gyeonggi si bwana wa munthu aliyense, ndi chigawo chomwe chazungulira Seoul. Kamchira koti -si kamatanthauza mzinda womwe uli pansi pa chigawo. Gun ndi boma la kumudzi, lomwenso lili pansi pa chigawo, kungoti anthu ake ndi ochepa. M'kati mwa -si kapena gun mumapezeka eup, katauni, ndi myeon, dera la midzi, ndipo mu -si mumapezekanso dong, dera la m'tauni. Pansi pa eup ndi myeon nde pamabwera ri, mudzi weniweni, wokhala ndi mtsogoleri wake amene amamutcha ijang. Adilesi amailemba kuyambira chachikulu kutsikira ku chaching'ono, nde mawu oyambirira aja, omwe ine ndinawayesa moni, ndi omwe amakuuza kuti uyang'ane mbali iti ya dziko.

Gwangju yomwe ndinafikayo inali ya mtundu winanso. Inali gwangyeoksi, mzinda waukulu wodziimira pawokha, wa anthu oposa 1.4 miliyoni. Inali yozunguliridwa ndi chigawo cha South Jeolla koma inali itachoka pansi pa chigawocho mu 1986. Mu 2019 mizinda yotere inalipo 6, Busan, Daegu, Incheon, Gwangju, Daejeon ndi Ulsan, ukaphatikiza Seoul, Sejong ndi ma do 9 zinkakwana zigawo zikuluzikulu 17. Izi ndinaziloweza tsiku lomwelo ndipo sindidzaiwala, chifukwa ndinalipira sukulu fizi yake.

Chondipweteka kwambiri nchoti m'zilembo zawo za hangul mayina awiriwa amalembedwa chimodzimodzi, palibe ngakhale kadontho kosiyana. Kusiyana kuli m'zilembo zakale za Chitchaina, komwe Gwangju ya kumwera ndi dera la kuwala pomwe ya ku Gyeonggi ndi dera lotambasuka. Nde eni dziko akamakamba amayamba atchula chigawo kuti asasokonezane. Ndi zomwe mayi wa pawindo uja ankandifunsa. Gwangju iti, iyi kapena iyo? Ine nkuyankha kuti inde, inde.

Ndinayesa kudziteteza pang'ono, ndinauza foni kuti imuuze mdala kuti vuto ndi lawo, dziko lolemera chonchi mayina achita kusowa? Mdala anaseka mpaka kuvula magalasi. Amvekere iwe sunaone kanthu. Mizinda ikuluikulu imagawidwa m'ma gu, ndipo ma gu ambiri mayina ake ndi mbali chabe, Dong-gu kum'mawa, Seo-gu kumadzulo, Nam-gu kumwera, Buk-gu kumpoto. Gwangju yomweyo ili ndi ma gu asanu, anayi ndi amenewa, lachisanu Gwangsan-gu, momwe ndinali nditaimamo osadziwa. Jung-gu, kutanthauza pakati, panthawiyo inali ku Seoul, ku Busan, ku Daegu, ku Incheon, ku Daejeon, ku Ulsan konse. Ndiye kuti ndikanakhala kuti ndinaitanidwa ku Jung-gu bwenzi pano ndikuzungulirabe.

Anandiuza kuti poti wafika kale, bwanji osaona mzinda, anandilozera phiri la Mudeungsan, anatchulanso za 18 May 1980, pomwe anthu a mzindawu anaukira ulamuliro wa asilikali ndipo ambiri anaphedwa. Apa nkhope yake inasintha, kuseka kunatha kaye, nane ndinachita manyazi kuti mzinda wa mbiri yolemera chonchi ine ndimangoudziwa ndi zosambira. Koma m'thumba munalibe za ukaona malo. Ndalama za KTX yobwerera zinali zosakwana, nde anandiperekeza ku depoti ya mabasi, U-Square, ndipo anakana kuti ndimulipire zonse, kaya chinali chisoni kaya anaona kuti nkhani yomwe akaikambe kunyumba yalipira kale.

Basi inatenga maola opitirira atatu kufika ku Seoul. Njira yonse foni ikungolira, anthu akuyankha sitetasi ija, "moni kwa achimwene", "mwafika bwanji", wina mpaka "tiwaone nawo pa chithunzi". Ndinaifufuta. Batire inali pa 9%. Achimwene ananditumizira malangizo atsopano, ulendo uno ngati akulembera mwana wa sitandade 1: sitima ya pansi mpaka Pangyo, pamenepo usinthe ukwere Gyeonggang Line, USATSIKE pa Gyeonggi Gwangju ngakhale mtima ukuuze bwanji, udutse Chowol, utsike pa Gonjiam. Kuchoka pa Pangyo anali masiteshoni owerengeka chabe. Ulendo woti ndikanauyenda ola limodzi ndi theka pa ndalama yochepa, ine ndinauyenda tsiku lonse, makilomita oposa 500 kupita ndi kubwera, kukafika malo omwe m'mawa uja ndinali nawo pafupi.

Ndinatsika pa Gonjiam kutada. Pageti sanali okha. Anabwera ndi anzawo anayi a kufakitale, wina wa ku Nepal, wina wa ku Vietnam, ena eni dziko, onse kudzaona munthu wake. Nditangotulukira onse anakweza manja awiri m'mwamba nkuyamba kudumpha. Takisi imodzi ija inalipodi, dalaivala anadzuka ndi phokosolo.

Ndalama ya tikiti sanabweze mpaka lero. Akuti anandiuza kuti si patali ndipo sananame.

Kosi itatsala pang'ono kutha mnzanga wa m'kalasi anandiitana kuti tikacheze kwawo ku Goseong. Ndisanayankhe ndinatulutsa foni, kufufuza, nkupeza kuti ma Goseong-gun alipo awiri, ina ku Gangwon kumpoto kwenikweni, kumalire ndi North Korea, ina ku South Gyeongsang kunyanja ya kumwera komwe kuli mapazi a ma dinosaur pamiyala. Ndinamufunsa kuti Goseong ya do iti, andilembere, asainenso pansi. Anadabwa nkunena kuti koma iwe Korea ukuidziwatu. Ndinangoti "ne".